Kusintha Njira za Mpweya m'Basi ya Sukulu Yosandutsidwa Nyumba

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi basi yaikulu kapena lole yonyamula katundu amalidziwa phokoso la mpweya limene limamveka dalaivala akangoimitsa galimotoyo, komanso phokoso lina lalifupi koma lamphamvu limene limatuluka kunsi kwake injini ikulira, ngakhale palibe amene wakhudza kanthu. Zonsezi zimachokera ku mpweya wopanikizidwa umene galimoto zolemera zimasunga m'mathanki achitsulo, n'kumaugwiritsa ntchito pomanga mabuleki, potsegula zitseko ndiponso poyendetsa zida zina zing'onozing'ono. Mutu uno ukufotokoza mmene mpweyawo umayendera m'basi ya sukulu ya ku United States ndi ku Canada, ndi zimene munthu amakumana nazo akagula basi yotere, n'kuisandutsa nyumba yoyenda, kenako n'kufuna kusintha njira za mpweya kuti zigwirizane ndi ntchito yatsopano ya basiyo. Mfundo yaikulu ndi yakuti mpweya wa m'basi ndi wa mabuleki choyamba, kotero kuti chida chilichonse chowonjezera chiyenera kulumikizidwa mwa njira yakuti, ngakhale chitawonongeka, mabulekiwo asasowe mpweya.

Basi yachikasu ikapuma pa ntchito

Ku United States kuli mabasi a sukulu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo mtundu wawo wachikasu anagwirizana pa msonkhano wa mu 1939 umene Frank W. Cyr anaitanitsa ku Teachers College ya yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, pofuna kuti mabasi onyamula ana azipangidwa mofanana m'dziko lonselo. Ambiri mwa mabasiwa amachokera ku makampani atatu, omwe ndi Blue Bird ya ku Georgia, Thomas Built Buses ya ku North Carolina ndi IC Bus imene fakitale yake ili ku Oklahoma. Maofesi oyang'anira sukulu kawirikawiri amagulitsa basi pa okushoni ikatha zaka 12 kapena 15, nthawi zambiri injini yake ya dizilo idakali ndi mphamvu, ndipo ena mwa mabasi otere amatumizidwa ku Guatemala ndi mayiko oyandikana nalo kukanyamula anthu, pamene ena amagulidwa ndi mabanja amene amazula mipando n'kumangamo khitchini, bafa ndi chipinda chogona. Basi yosinthidwa chonchi eni ake amaitcha skoolie.

Si basi iliyonse ya sukulu imene imaima ndi mpweya, pakuti mabasi ang'onoang'ono ndi ena apakatikati ali ndi mabuleki oyendera mafuta ofanana ndi a galimoto wamba. Koma mabasi aakulu ambiri, amene anthu amawakonda chifukwa cha kukula kwa malo ake, ali ndi mabuleki a mpweya, ndipo wogula amalandira limodzi ndi basiyo mapayipi, mathanki ndi mavalavu ambirimbiri amene mwina sanawaonepo chibadwire.

Zimene zimachitika mpweya ukapanikizidwa

Munthu akamapopa tayala la njinga amaona kuti pampu imalimbiralimbira pamene tayala likudzaza, ndiponso kuti kumunsi kwa pampuyo kumatentha. Kulimbako kumasonyeza kuti mpweya wochuluka ukakakamizidwa kulowa m'malo ochepa umakankha makoma a chimene chausunga, ndipo kukankhako n'kumene amakaniko amati pulesha. Ku America pulesha amaiyeza pa muyeso wa psi, umene umanena mapaundi a mphamvu yokankha pa kachigawo ka inchi imodzi m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi, pamene mayiko ena ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa bar, ndipo bar imodzi imafanana ndi psi 14.5. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi psi pakati pa 30 ndi 35, koma mathanki a basi amasunga mpweya pa psi pakati pa 100 ndi 125.

Kuti pulesha ifike pa psi 120, malita pafupifupi 9 a mpweya wamba amafinyidwa kukhala lita imodzi, ndipo chinyezi chonse chimene chinali m'malita 9 aja chimafinyidwira kumodzi. Mpweyawo udakali wotentha umachisunga chinyezicho, koma ukazizira m'mapayipi ndi m'mathanki chimasanduka madzi, amene amasakanikirana ndi timadontho ta oyilo tochokera m'makina opopera n'kupanga matope akuda. Matopewa amachititsa dzimbiri m'kati mwa thanki, amawononga labala wa m'mavalavu, ndipo m'nyengo yozizira ya ku Canada ndi kumpoto kwa United States amaundana n'kutseka njira ya mpweya. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya dongosolo lonseli inapangidwira kulimbana ndi kutentha ndiponso madzi.

Ulendo wa mpweya kuchoka pa injini

Mpweya umayambira pa kompuresa, yomwe ndi pampu ya mapisitoni yomangiriridwa pa injini ndipo imazunguzidwa ndi magiya kapena lamba. Kompuresa imazungulira nthawi yonse imene injini ikulira, koma siipopa nthawi yonseyo, chifukwa pali kachipangizo kotchedwa gavana kamene kamayang'anira pulesha ya m'thanki: ikatsika kufika cha pa psi 100 kamalola kompuresa kuyamba kupopa, ndipo ikakwera kufika pakati pa 120 ndi 125 kamailetsa. Mpweya wotuluka mu kompuresa umakhala wotentha kwambiri moti payipi yoyamba imakhala ya kopa kapena yolukidwa ndi waya wachitsulo, ndipo imakhala yaitali mokwanira kuti mpweyawo uzizireko usanafike pa choumitsira mpweya, chimene amisiri amachitcha air dryer. M'choumitsiramo muli timibulu tokoka chinyezi, ndipo nthawi iliyonse gavana akaletsa kompuresa, valavu ya kunsi kwake imatseguka n'kulavula madzi ndi oyilo zimene zaunjikana. Phokoso lalifupi limene limamveka basi itaima chiimire limachokera pamenepa.

Kuchoka apo mpweya umalowa m'thanki yoyamba, imene amakaniko amati yonyowa chifukwa madzi otsala amagwera mmenemo, ndipo pa thankiyo pamakhala valavu yotaya mpweya pulesha ikafika pa psi 150, kuopa kuti thanki ingaphulike gavana atalephera. Kenako njira imagawika pawiri, ina kupita ku thanki ya mabuleki akumbuyo, ina ku thanki ya mabuleki akutsogolo, ndipo pakhomo pa thanki iliyonse pamakhala valavu yolola mpweya kulowa koma osabwerera, kuti mbali imodzi ikabowoka inayo isatayikire kumodzi. Mageji awiri, kapena geji imodzi ya mivi iwiri, amene dalaivala amawaona kutsogolo kwake amanena za mathanki awiriwa. Zoyenera kutsatidwa pa mabuleki a mpweya zili m'lamulo la FMVSS 121, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975 pansi pa bungwe la boma la NHTSA, ndipo mwa zina limafuna kuti mathanki onse pamodzi akhale ndi malo osachepera kuwirikiza ka 12 malo a m'zitini zonse za mabuleki.

Zitini zimenezi zili pafupi ndi mawilo. Dalaivala akaponda mabuleki amakhala akutsegula valavu, ndipo mpweya umalowa m'chitini n'kukankha nembanemba ya labala, imene imakankha ndodo yachitsulo, ndodoyo n'kutembenuza mkono wotchedwa slack adjuster, umene umapotoza chitsulo chooneka ngati chilembo cha S n'kukanikizira nsapato za mabuleki ku chigubu cha wilo. Chitini cha saizi 30, chimene chimapezeka kwambiri ku mawilo akumbuyo, chikalandira psi 100 chimakankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa mapaundi 3,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 1,360.

Mpweya ukatha basi imamanga yokha

Chiyambi cha mabuleki a mpweya chili pa sitima za pamtunda, pomwe George Westinghouse analembetsa luso lake loyamba mu 1869, ndipo mu 1872 analikonzanso kuti payipi ikaduka mabuleki azimanga okha m'malo momasuka. Mabasi amatsata ganizo lomweli, ngakhale kuti amalikwaniritsa mwa njira ina. Kuseri kwa chitini chilichonse cha mawilo akumbuyo kuli chitini chachiwiri chokhala ndi sipuling'i yamphamvu zedi, imene nthawi zonse imafuna kumanga mabuleki, ndipo chimene chimaifinya kuti basi iyende ndi mpweya. Dalaivala akakoka batani lachikasu limene lili kutsogolo kwake, mpweya wa m'zitinizo umatayidwa kunja, masipuling'i amafunyululuka, basi n'kumanga.

Zimenezi zikutanthauza kuti basi yoimikidwa siingatsetsereke chifukwa chakuti mpweya wathawa usiku, koma zikutanthauzanso kuti mpweya ukathawa basi ikuyenda, mabuleki akumbuyo amamanga dalaivala asanafune. Pulesha ikatsika kufika cha pa psi 60 nyali yofiira imayaka ndipo belu lochenjeza limalira, ndipo ikapitirira kutsika kufika pakati pa 45 ndi 20 masipuling'i amatenga ulamuliro, kaya basiyo ili pa mlatho, pokhota kapena pakati pa msewu waukulu wodzaza malole. Choncho kapayipi kakang'ono ka hutala kapena ka popopera matayala, kakalumikizidwa pamalo olakwika n'kuthothoka, kakhoza kuimitsa galimoto ya matani oposa 10 pamalo amene mwini wake sakanasankha. Chitini cha sipuling'i sichitsegulidwa ndi munthu wongophunzira yekha, pakuti sipuling'iyo ikafwamphuka ikhoza kupha munthu, ndipo zitini zamakono opanga amazimata dala kuti zisamasulidwe.

Malire pakati pa mabuleki ndi zida zina

Basi ya sukulu imachoka ku fakitale ili kale ndi zida zina zodya mpweya, monga chitseko cholowera ana, chikwangwani cholembedwa kuti STOP chimene chimatambasuka m'mbali, mkono wa kutsogolo wokakamiza ana kuwolokera patali ndi bampala, mpando wa dalaivala, hutala, ndipo mabasi ena ali ndi mapilo a mpweya amene amanyamula thupi la basi kumbuyo m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Zida zonsezi zimalandira mpweya kudzera pa valavu imene amisiri amaitcha pressure protection valve, ndipo m'mutu uno itchedwa valavu yoteteza. Valavu yoteteza imakhala yotseka kufikira mathanki a mabuleki atadzaza pa mlingo wina, kenako imatseguka n'kulola mpweya kupita ku zida zina, ndipo pulesha ikayambanso kutsika imatseka pa nambala imene wopanga anaika, imene kawirikawiri imakhala pamwamba pa mlingo umene belu lochenjeza limalirira. Motero chitseko chikhoza kufa, hutala ikhoza kusiya kulira, koma mabuleki amakhala ndi mpweya wokwanira kuti dalaivala apatuke n'kuima pamalo abwino.

Ntchito yoyamba ya munthu wofuna kusintha kanthu ndiyo kupeza valavu imeneyi ndi kudziwa mbali ya mapayipi imene ili kuseri kwake. Opanga ambiri amagwiritsa ntchito payipi yobiriwira pa mabuleki akumbuyo ndi yofiira pa akutsogolo, koma mitundu siyofanana m'makampani onse, ndipo basi ya zaka 15 imakhala itadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri amene ankaikapo payipi imene inali pafupi. Njira yodalirika ndiyo kupeza chojambula cha njira za mpweya cha basiyo kuchokera kwa wopanga, pogwiritsa ntchito nambala ya basi, kenako n'kulondola payipi iliyonse ndi dzanja kuchokera pa thanki mpaka kumene ikuthera. Asanamasule chilichonse, mmisiri amatsekera mawilo ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, amazimitsa injini, ndipo amatsegula timavalavu ta kunsi kwa thanki iliyonse mpaka mpweya wonse utatha, chifukwa mageji sanena za thanki iliyonse, ndipo cholumikizira chomasulidwa thanki ili ndi mpweya chimauluka ndi mphamvu yokhoza kuvulaza diso.

Kuchotsa zida za ntchito ya sukulu

M'zigawo zambiri za United States basi imene yasiya kunyamula ana iyenera kuchotsedwa chikwangwani cha STOP, nyali zofiira zothwanima ndi zilembo zonena kuti ndi ya sukulu, ndipo m'zigawo zina iyeneranso kupakidwa utoto wina, kuti oyendetsa galimoto asamaiimire poganiza kuti ikutsitsa ana. Chikwangwani chikakhala choyendera mpweya, kuchichotsa kumasiya payipi yotseguka, ndipo anthu ena amangoipinda n'kuimanga ndi waya, zimene zimagwira kwa miyezi yochepa kenako n'kuyamba kutaya mpweya m'kati mwa khoma lomwe lakhomedwa kale matabwa. Njira yabwino ndiyo kulondola payipiyo mpaka pamene yayambira, n'kuichotsa yonse, n'kutseka bowolo ndi chitsekerero chamkuwa chopangidwira ntchitoyo.

Chitseko choyendera mpweya chimabweretsa vuto la mtundu wina, chifukwa chimatsekeka mwamphamvu pokhapokha pulesha ilipo, ndipo basi ikakhala masiku angapo osalizidwa mpweya umathawa pang'onopang'ono mpaka chitsekocho chimatseguka ndi kukankha kwa dzanja. Basi ya sukulu inkagona m'mpanda wa alonda mopanda kanthu mkati, koma nyumba ili ndi katundu ndi anthu ogona, kotero eni ambiri amaika loko kapena amachotsa chitseko chonsecho n'kuikapo chokhala ndi mahinji wamba. Mabasi amene anali ndi chikepe chokwezera ana oyenda pa njinga za olumala amafuna kusamala kwapadera, popeza ena mwa iwo ali ndi dongosolo loletsa basi kuyenda chikepecho chisanapindidwe, ndipo munthu akachizula n'kudula mawaya mwachisawawa basi ikhoza kukana kumasula mabuleki kapena kulowa giya.

Popopera matayala ndi zida za mpweya

Chimene eni mabasiwa amayamba kuwonjezera nthawi zambiri ndi potulukira mpweya polumikizapo payipi yopopera matayala, chifukwa matayala a basi amafuna psi pakati pa 90 ndi 120, mlingo umene makina ambiri a pamalo omwetsera mafuta galimoto zazing'ono safikapo. Potulukirapo pamalumikizidwa kuseri kwa valavu yoteteza, ndipo mmisiri wosamala amaika kampopi kotsekera pakati pa thanki ndi cholumikiziracho, chifukwa cholumikizira chokhala kunsi kwa basi chimalowa fumbi ndi matope, ndipo sichichedwa kuyamba kutaya mpweya. Payipi yotsala ya chitseko imakopa anthu poti ili kale kumbali yoyenera, koma nthawi zambiri imakhala yopyapyala, ya kota ya inchi, moti imatha kupopa tayala mochedwa koma siingayendetse sipanala ya mpweya.

Wopopa tayala la basi amakumana ndi chinthu chodabwitsa, chakuti tayala likafika cha pa psi 100 limaleka kudzaza ngakhale injini ikulira. Chifukwa chake n'chakuti mpweya umayenda kuchoka kumene kuli pulesha yambiri kupita kumene kuli yochepa, ndipo thanki ikatsika kufika pa psi 105, pamene gavana sanalole kompuresa kuyambanso, kusiyana kwa thanki ndi tayala kumakhala kochepa kwambiri. Odziwa amataya dala mpweya pang'ono kuti kompuresa iyambe kupopa, n'kumadzaza tayala pamene pulesha ikukwera. Tayala limapopedwa lili lozizira, ndi cholumikizira chodzigwira chokha pa valavu kuti munthu aime chapambali, ndipo tayala limene layenda lili ndi mpweya wochepera 80 peresenti ya mlingo wake silipopedwa pa basi pomwepo, koma limachotsedwa n'kukayezedwa, pakuti mawaya a m'mbali mwake akhoza kukhala atatopa moti lingaphulike.

Kompuresa ya basi inapangidwira kubwezera mpweya umene mabuleki agwiritsa ntchito, ndipo kampani ya Bendix, imene imapanga makompuresa ambiri a mabasiwa, imalangiza kuti nthawi yopopa isapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi imene injini ikulira. Munthu akamaigwiritsa ntchito kwa maola ambiri popala dzimbiri kapena popopera utoto, kompuresa imatentha, imayamba kulavula oyilo wambiri, ndipo choumitsira chimakhuta chifukwa sichipeza mpata wotaya madzi. Mpweya umenewu, poti uli ndi oyilo, suyenera kukankhira madzi akumwa, ndipo wofuna kuuzira madzi otsala m'mapayipi a khitchini nyengo yozizira isanafike amaika sefa ndi chochepetsa pulesha, chifukwa mapayipi a madzi a m'nyumba zoyenda sanapangidwire psi 120.

Thanki yowonjezera, kompuresa ya magetsi ndi mapilo

Hutala yaikulu kapena zida za mpweya zimafuna mpweya wambiri nthawi imodzi, ndipo yankho lake ndi thanki yowonjezera. Thankiyo iyenera kukhala yopangidwira mpweya wa galimoto, yokhala ndi kavalavu kotayira madzi kunsi kwake, ndipo imalandira mpweya kudzera pa valavu yoteteza kuti mathanki a mabuleki azidzaza poyamba. Ikalumikizidwa mwachindunji, kompuresa imayenera kudzaza malo okulirapo basi isanamasule mabuleki, ndipo bowo lililonse la pa thanki yatsopanoyo limakhala bowo la mabuleki. Silinda yakale ya gasi kapena thanki ya madzi otentha si zolowa m'malo mwake, ndipo thanki ya mpweya siibowoledwa kapena kuwotchereredwa, chifukwa kutentha kumafooketsa chitsulo pamalo amene diso silingaone.

Basi imene yagona sabata pamalo ochezera alendo imafuna kulizidwa kwa mphindi zingapo kuti mpweya ukwane, ndipo phokoso ndi utsi wa dizilo m'mamawa sizikondweretsa oyandikana nawo. Pa chifukwa chimenechi eni ena amaika kompuresa yaing'ono ya magetsi a mavoliti 12, yodya mphamvu ya mabatire a m'nyumbamo amene amatchajidwa ndi sola. Kompuresa yotere imapopa pang'ono poyerekeza ndi ya pa injini, imafuna fuzi yake ndi swichi yoizimitsa pulesha ikakwana, ndipo pakati pa iyo ndi thanki pamafunika valavu yoletsa mpweya kubwerera. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti mpweya wake ndi wonyowa, kotero ukalowetsedwa m'mathanki a mabuleki molambalala choumitsira, madzi amene wopanga basi analimbana nawo amabwerera pakhomo lina. N'chifukwa chake amisiri ambiri amaipatsa thanki yakeyake ya zida zowonjezera, imene imatayidwa madzi pafupipafupi.

Mapilo a mpweya a kumbuyo amayang'aniridwa ndi valavu ya kamkono imene imawonjezera mpweya basi ikalemera ndi kuutaya ikapepuka, kuti msinkhu wa basi usasinthe. Popeza bedi ndi sinki zimafuna malo osapendekeka, eni ena amaika mavalavu a pamanja odzazira kapena kuphwetsa pilo la mbali imodzi basi itaima. Zimenezi zimatheka, malinga ngati pali njira yobwezera ulamuliro ku valavu ya kamkono basi isananyamuke, chifukwa kuyenda pa msinkhu wolakwika kumawononga mfundo za shafiti yopititsa mphamvu ku mawilo. Ndiponso munthu salowa kunsi kwa basi imene yanyamulidwa ndi mapilo okha popanda zochirikiza zachitsulo, pakuti payipi imodzi ikamasuka basi imatsika m'kamphindi.

Mapayipi, zolumikizira ndi kusuntha mathanki

Payipi yovomerezeka pa mpweya wa basi ndi ya nayiloni yolembedwa zilembo za DOT ndi nambala ya muyezo wa SAE J844 m'mbali mwake, ndipo zolumikizira zake zimakhala ndi kachitsulo kolowa m'kati mwa payipi kuti isathothoke basi ikamagwedezeka. Zolumikizira za mapayipi a madzi zimaoneka zofanana nazo ndipo n'zotsika mtengo, koma sizinayesedwe pa kugwedezeka, kutentha ndi kuzizira kwa pamsewu. Payipi yolimba ya PVC ndi yoopsa koposa, chifukwa ikasweka ndi mpweya imamwaza zidutswa zakuthwa. Payipi iliyonse imadulidwa mowongoka ndi chodulira chake, imadutsitsidwa kutali ndi payipi ya utsi, imamangiriridwa kuti isakhuzike pa chitsulo, ndipo podutsa pa bowo la chitsulo imavekedwa mphete ya labala. Ngozi ina imachokera m'kati mwa nyumba, pamene wokhoma matabwa apansi amalowetsa sikuluu yaitali n'kubowola payipi imene ili kunsi osadziwa.

Kunsi kwa basi n'kumene eni amafuna kuika mathanki a madzi, mabatire ndi mabokosi a katundu, ndipo nthawi zina thanki ya mpweya imakhala pamalo amene akuwafuna. Kusuntha thanki ya mabuleki si ntchito yofanana ndi kuwonjezera potulukira mpweya, chifukwa utali ndi kukula kwa mapayipi a mabuleki zinawerengedwa kuti mpweya uzifika msanga ndiponso mofanana ku mawilo a mbali zonse. Lamulo la FMVSS 121 limafuna kuti m'basi pulesha ifike pa psi 60 m'zitini pasanathe masekondi 0.45 dalaivala atayamba kuponda. Basi yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi, kotero kuchedwa kwa theka la sekondi kumawonjezera mamita 14 basi isanayambe n'komwe kumanga. Ntchito yotere ndi ya makaniko wa galimoto zolemera, ndipo nthawi zambiri n'kwapafupi kusunthira thanki ya madzi kwina kusiyana ndi kukhudza ya mabuleki.

Kuyesa ntchito ikatha

Cholumikizira chilichonse chatsopano chimapakidwa madzi a sopo, ndipo thovu likamakula ndiye kuti mpweya ukuthawa. Kenako pamatsata mayeso amene madalaivala a galimoto zolemera amaphunzira. Mawilo atatsekeredwa ndi zipika, mpweya utakwana, injini itazimitsidwa ndipo batani lachikasu litakankhidwa, pulesha siyenera kutsika kuposa psi 2 pa mphindi imodzi, ndipo mabuleki atapondedwa n'kugwiridwa siyenera kutsika kuposa psi 3 pa mphindi, osawerengera kutsika koyamba. Dalaivala akamaponda n'kusiya mobwerezabwereza, chenjezo liyenera kulira ndipo batani lachikasu liyenera kudumpha lokha pa milingo yake, ndipo injini ikalizidwanso pa liwiro lake la pa ntchito, pulesha iyenera kukwera kuchoka pa 85 kufika pa 100 m'masekondi osapitirira 45.

Palinso mayeso ena amene amakhudza ntchito yowonjezerayo mwachindunji. Injini itazimitsidwa, mmisiri amatsegula dala potulukira mpweya patsopano kuti mpweya uthawe ngati kuti payipi yaduka, n'kumayang'ana mageji. Mivi ikatsika n'kuima pa mlingo wa valavu yoteteza, ndiye kuti malire alemekezedwa, koma ikapitirira mpaka belu kulira, chidacho chalumikizidwa kumbali ya mabuleki kapena valavuyo yafa, ndipo basi siyenera kutuluka pa geti. Pomaliza, zonse zimene zasinthidwa zimalembedwa pa chojambula chimene chimasungidwa m'basimo, kuti makaniko wa m'tauni ina asataye tsiku akulondola mapayipi amene buku la wopanga silikuwadziwa.

Udindo wa mwini basi

Ku United States galimoto yonyamula anthu 16 kapena kuposerapo, kapena imene kulemera kwake kololedwa kumafika mapaundi 26,001, imafuna laisensi ya madalaivala a ntchito yotchedwa CDL, ndipo woyendetsa ya mabuleki a mpweya amayesedwa pa mabulekiwo. Koma basi ikalembetsedwa monga nyumba yoyenda, m'zigawo zambiri munthu amaloledwa kuiyendetsa ndi laisensi wamba, pamene ku Canada zigawo monga Ontario ndi Alberta zimafuna chilolezo chapadera cha mabuleki a mpweya, chimene chimasonyezedwa ndi chilembo cha Z ku Ontario ndi Q ku Alberta. Motero basi imene kale inkayenderedwa ndi amakaniko a boma pa nthawi zoikika ikhoza kugwera m'manja mwa munthu amene palibe anamuyesapo, ndipo udindo wotaya madzi m'mathanki, wosintha timibulu ta m'choumitsira ndi woyesa mabuleki asananyamuke umakhala pa iye yekha. Muyezo wa chida chilichonse chimene angawonjezere ndi zimene zimachitika pa tsiku limene chidacho chawonongeka basi ili pa msewu, ndipo ntchito imene yagwiridwa bwino ndi imene pa tsikulo imangosowetsa banja hutala kapena popopera matayala, mabuleki ali ndi mpweya wawo.